Netiweki ikathawa, ndani adziwa kupotoza eriyo?

Amene munakulira kumudzi mukukumbuka. Mpira wayamba, mmodzi ali panja wagwira nsungwi ya eriyo, ena m'nyumba akukuwa: "Zungulitsa pang'ono! Yabwera! Aaa, yathawanso!" Kwathu ku Kasina wogwira nsungwiyo ndinali ine, mphepo ya Juni ya ku Dedza ikundimenya, zigoli ndikungomvera pazenera.

Ndinadziwa mochedwa kuti kulozetsa eriyo pakokha sikukwanira. Mafunde a wailesi amayenda akugwedezeka, ena choimirira, ena chogona, zimene akatswiri amati polarization. Eriyo yanu ikagona pomwe mafunde akubwera choimirira, mphamvu imene mukulandira imatha kuchepa ka 100, ngakhale mwaloza bwinobwino. N'chifukwa chake mnyamata woika madishi a DStv akamaliza kulozetsa amapotozanso kachipangizo ka kutsogolo kaja, LNB. Ambiri timangomuyang'ana, n'kumulipira, basi.

Pali anthu padziko lonse amene amalankhulana pa wailesi zawozawo chifukwa chongozikonda, osati malonda. Amatchedwa a amateur radio, ndipo wa ku Malawi amadziwika ndi nambala yoyamba ndi 7Q. Ena mwa iwo amalankhulana kudzera m'masetilaiti ang'onoang'ono amene amadutsa pamwamba pathu kwa mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono. Vuto lake, masetilaitiwa amayenda akugubuduzika, ndiye mafunde awo amafika pano choimirira, kenaka chogona. Mawu amveke, azilale, amvekenso. Wogwira eriyo pamanja amangopotoza dzanja mpaka mawu abwerere. Amene ali ndi zida zabwinoko amagwiritsa ntchito eriyo ya mafunde oyenda mozungulira ngati sikuluwu, n'kuikapo swichi yosankhira kumanja kapena kumanzere. Kudina kamodzi, mawu amene anamira m'phokoso atulukira.

Mwina mukuti, za chiyani zimenezi ife tili ndi WhatsApp? Kumbukirani Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera, magetsi anazima, misewu inaduka, ndipo m'madera ena mafoni anangosanduka matochi. Foni yanu, kaya ndi yodula bwanji, popanda nsanja ya netiweki ilibe mawu. Wailesi ya amateur imangofuna batire, eriyo ndi munthu wodziwa chochita.

Ndipo mwayi tili nawo. Kuyambira 2018 pali setilaiti ya dziko la Qatar yotchedwa Es'hail-2, imene a amateur amati QO-100. Iyoyi siyendayenda, imaoneka pamalo amodzi pamwamba pa Africa, kwa ife kuno pafupifupi pamutu penipeni. Kuti muimvere, dishi wamba ndi LNB ngati za pa TV zimagwira ntchito, kungoonjezera kachipangizo kolumikiza ku kompyuta. Kulinso International Space Station, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo imazungulira dziko m'mphindi 90. Nthawi zina imamveka pa 145.800 MHz, ndipo ophunzira a m'maiko ambiri alankhulapo ndi anthu okhala m'menemo. Eriyo yake ena amangopanga ndi tepi yachitsulo ya amisiri ndi paipi ya pulasitiki.

Ndikudziwa, ndalama ndi yovuta. Munthu amene akuwerengera bandulo ya tsiku sangagule wailesi yekha. Koma sukulu ya sekondale ingathe, kalabu ya sayansi ingathe, gulu la achinyamata la pa mpingo lingathe. Kulankhula pa wailesizi kumafuna chiphaso cha MACRA, ndipo ine ndingakonde bungweli litafotokoza njira yake m'Chichewa, pa Facebook pomwe achinyamata tili, n'kuika mtengo wapadera wa masukulu.

Kwathu ku Kasina mapiri alipo, malo okwera osatchingika ndi ambiri, ndipo ana odziwa kukwera pachulu kusaka netiweki sasowa. Ndikapita pa holide ikubwerayi ndinyamula tepi yachitsulo, paipi ndi kawailesi kobwereka, tikayese kumvera ndi adzukulu anga. Wogwira eriyo ulendo uno akhala wina, ine ndizikakuwa.