Intaneti yalowa, nanga cibowo atseke ndani?

Mukayenda mu Chelstone, Woodlands kapena pa mafulati a ku Kabwata, kwezani maso pa zipupa. Nthambo zikulowa m'nyumba paliponse: pa windo, pansi pa malata, pena pakati peni-peni pa cipupa. Zamtel na Liquid akukoka faiba m'madera ambiri, Starlink inayamba kugwira nchito mu Zambia mu October 2023, ndipo kuzima kwa malaiti kwa 2024 kunabweretsanso nthambo za sola. Nthambo iliyonse ifuna cibowo cake.

Ine cimene ndiona n'cakuti tonse timafunsa za mtengo wa bando na liwiro, koma za cibowo palibe amafunsa. Wa drilu akaona kuti rauta yayaka, nchito yake yatha. Manje ambiri mu Lusaka tikhala m'nyumba za lendi. Mvula ikayamba mu November, madzi amatsata nthambo mpaka mkati, penti n'kufufuma, mphemvu na nyerere n'kupeza njira. Tsiku lokuka, a landilodi amaloza pa cipupa, dipoziti yapita.

A landilodi naonso ali na mfundo. Aliyense wolowa amabwera na kampani yake, n'kuboola pena. Alendi atatu akasinthana, cipupa caoneka monga sefa.

Koma kukonza kwake sikudula. Cibowo ciboolewe copendekera pansi cakunja, kuti madzi asalowe. Kunja nthambo itsike pang'ono isanakwere kulowa, madzi azidonthera pansi. Mpata wotsala mutseke na silikoni. Mkati, nthambo iyende m'trunking, osati kulendewera pa misomali. Faiba osaipinda kwambiri, mkati mwake muli galasi. Osaboola pamwamba kapena pansi pa soketi, ndiye mumapita nthambo za malaiti. Cibowo cakale cifuna sementi pang'ono kunja, Polyfilla mkati na kapenti. Zonsezi zipezeka m'mahadiweya a ku Kamwala na m'tauni.

Cacikulu ni kumvana drilu isanalire. Auzeni a landilodi, mugwirizane poboola, mulembe ngakhale pa WhatsApp kuti adzatseka ndani. Inunso a landilodi, ikani kapaipi kamodzi kolowera nthambo, aliyense wobwera azipitisa mmenemo. Makampani naonso aike kutseka cibowo pa pepala lija timasaina nchito ikatha. Pakali pano, musasaine musanazungulire kuseri kwa nyumba.