Mfulu Ali ndi Kwao

Amene munafikako ku Lusaka mudziwa cipilala ca munthu wodula unyolo cochedwa Freedom Statue, cimene cili m'mbali mwa mseu wa Independence Avenue. Ife pa Cinyanja tingoti ufulu, koma Angelezi ali ndi mau angapo. Tiyeni tifukule mizu yake.

Liu lakuti "independence" licokela ku Cilatini: "dependere" ndiko kulendewela pa cinthu, ndipo "in" ndiye akana. Motelo pa 24 Okutobala 1964 dziko lathu linaleka kulendewela pa nthambi ya Britain.

"Liberty" nalonso ndi la Cilatini, koma linadzela m'Cifalansa, cinenelo cimene a Norman anabwela naco pogonjetsa England mu 1066. Muzu wake ndi "liber", kutanthauza mfulu. Akuluakulu amene anatumikila Misa ya Cilatini akumbukila liu lakuti "libera" kumapeto kwa pemphelo la Atate Athu, popempha cipulumutso. Cocititsa cidwi ndi ici: Aroma anali kuchula ana a m'banja kuti "liberi", powasiyanitsa ndi akapolo a pakhomo pomwepo.

"Freedom" ndi liu lao la Angelezi cikhalile. "Free" ndi "friend" ndi ana a mimba imodzi, ndipo muzu wao utanthauza wokondedwa. Mfulu anali uja wokondedwa m'nyumba, wowelengedwa pakati pa abale.

Makolo athu anali kuona cimodzimodzi. Kapolo anali munthu wozulidwa pakati pa abale ace, wopanda atsibweni omuimilila pa mlandu. Mfulu anali ndi mbumba, nkhoswe ndi mudzi. Zinenelo zitatu zivomelezana: mfulu ndi munthu amene ali ndi kwao.

Nanga bwanji lelo timva mnyamata akuti "ndine free" pamene akana kutumidwa ndi amai ace? Timvanso bambo akunena mau omwewo atasiya mkazi ndi ana osagona ndi kanthu m'mimba. Cingelezi comweco ciwacenjeza. Liu lakuti "libertine" poyamba linali kunena kapolo womasulidwa, koma pambuyo pake linasanduka dzina la munthu womwazika, wosamva za munthu. Unyolo anadula, koma analibe kolowela.

Kumbukilani mwana wolowelela wa pa Luka 15. Anayesa ufulu ndiko kutalikila atate ace, nathela pakati pa nkhumba. Pobwelela anafuna kukhala wanchito cabe, koma atate anamuveka mkanjo ndi mphete, namubwezela pa malo a mwana. Ufulu wace anaupeza pakhomo pamene anathawa.

Tsono makolo anzathu, ana akatifunsa za ufulu tisathamangile kukalipa. Tiwafunse modekha kuti: mwamasuka kucoka m'ciani, ndipo mwamasukila yani? Koma tisanafunse, tiyambe taona ngati nyumba zathu zili zoti mwana angadzimve wokondedwa m'menemo.