Nyumba sagulitsa pa holide ya Disembala

Amalawi anzathu a kunja kuno, chaka chikamapita kumapeto timamva nkhani yomweyomweyo. Wina ku Leeds, wina ku Johannesburg, wina ku Dallas, onse akuti: ndikupita kumudzi masabata atatu, ndikagulitse kanyumba kanga ka ku Area 25, ndibwere nazo ndalama. Ife tikuti ayi abale. Pa miyezi yonse ya chaka, Disembala ndi Januwale ndiyo yoipitsitsa kugulitsa nyumba ku Malawi. Timaisankha chifukwa ndi nthawi imene abwana amatipatsa tchuthi, basi.

Taganizani za wogulayo. Mu Novembala wagula feteleza wa munda wake ndi wa mayi ake kumudzi. Khirisimasi yamudyera zotsala. Januwale uyo, fizi ya teremu yachiwiri ikudikira. Ndani ali ndi mamiliyoni ongogona ku banki nthawi imeneyo? Amene ali nawo ndi akatakwe aja odziwa kugula kwa munthu wothamanga. Akangomva kuti tikiti yanu ndi ya pa 5 Januwale, amakhala phee mpaka pa 3, n'kutchula mtengo wawo. Mumalandira, poti ndege sidikira munthu.

Nanga mapepala? Nyumba si njinga yoti mungopatsana pa msika wa Ndirande. Ngati malowo ndi a lease, pafunika chilolezo cha mwini nthaka, kaya ndi a Lands, a Malawi Housing Corporation kapena khonsolo. A MRA apereke kalata yoti mulibe nawo ngongole, ground rent ndi msonkho wa khonsolo zikhale zolipidwa. Mmene amayendera maofesi amenewa pa Khirisimasi mukudziwa nokha. Mapeto ake mumasiyira achimwene kapena alamu mphamvu zosainira, ndipo mabanja amene sakulankhulana lero chifukwa cha zimenezi tonse tikuwadziwa.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Sepitembala. Misika ya fodya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu imatsegulidwa cha mu Epulo, chimanga, soya ndi mtedza zili pa msika, ndalama zikuyenda m'matumba. Sitikunena kuti mlimi wa bale agula nyumba ya ku Area 10 kapena ku Namiwawa ayi. Koma kanyumba ka ku Kasungu, ku Mchinji, ku Area 49, wogula wake ndi wa golosale, wa lole, wa sitolo ya zitsulo, ndipo onsewa amadya pa dzanja la mlimi. Msewu wauma, utoto umagwira, munthu atha kufika pakhomo osasiya galimoto m'matope. Ndiponso ngati m'nyumbamo muli alendi kapena abale, sukulu zimatseka mu Julayi n'kutsegula mu Sepitembala. Kusamutsa banja mu Ogasiti ndi umunthu. Kulitulutsa mu Febuluwale, mvula ili pamutu, chimanga chili pa mtengo wokwera, ndi nkhanza, ngakhale nyumbayo ili yanu.

Ena amakonda chilimwe pa chifukwa china: denga lodontha silioneka. Izi ndiye ayi. Konzani malata anu. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, wogula wa ku Blantyre amayamba wafunsa aneba komwe madzi amadutsa. Ngati nyumba yanu ili pouma, ijambulitseni mu Febuluwale mvula ikugwa, zithunzizo mudzaonetse mu Juni.

Koma apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi ya ndale. Kwa ife amene timawerengera chuma m'mapaundi, m'marandi ndi m'madola, kalendala ya mvula ndi yaing'ono. Yaikulu ndi ya Reserve Bank. Mu Meyi 2012 boma la Joyce Banda linagwetsa kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti, kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti munagwirizana K100 miliyoni mu Okutobala 2023, wogula n'kumalipira pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chathu. Pa tsiku losainirana, ndalamazo zinali madola pafupifupi 85,000. Pofika Disembala zinali zosakwana 59,000. Palibe mbala inathyola chitseko, koma chipinda chogona ndi khitchini zapita.

Onani bwino: mu 2012 ndi mu 2023 momwemo, kwacha inagwa boma likusaka ngongole ya IMF. Ndiye mukamva kuti a IMF afika ku Lilongwe ndipo nduna ya zachuma ikulumbira kuti kwacha sigwa, musalole zolipira pang'onopang'ono, ndipo musagulitse musanadziwe kumene ndalamazo zikupita mawa lake. Njerwa zimakwera mtengo pamodzi ndi simenti. Kwacha ya ku banki siitero. Chaka cha chisankho nachonso ogula akuluakulu amayamba aona kaye kumene mphepo ikulowera.

Kutulutsa ndalamazo kunja ndi phiri lina. Zimafuna chilolezo kudzera ku banki, ndipo chilolezo si madola. Mutha kukhala nacho m'manja banki n'kukuuzani kuti mudikire pa mzere. Madola amapezekako pang'ono nthawi ya fodya, n'kusowa kwambiri dziko likamaitanitsa feteleza. Apanso chilimwe chapambana. Za msika wa m'makona sitikulangizani, anthu amangidwa nazo, ena apatsidwa mapepala achabe.

Kwa amene mukugulitsa ya kuno kuti mubwerere kumudzi, zinthu zili mosiyana. Ku Britain ogula amatuluka kuyambira Malichi mpaka Meyi, kukayamba kuwala. Ku Joni ndi Sepitembala mpaka Novembala. Gulitsani nthawi imeneyo, koma mapaundiwo musawasinthe onse tsiku limodzi.

Ndiye amene mwagula kale tikiti ya Disembala, pitani ndithu. Mukadye nsima ndi chambo, mukakwere padenga, mukaone loya, mukatsimikize kuti title deed ikadali m'dzina lanu. Chikwangwani chogulitsa mudzachikhome mu Meyi.