Chikumbu chothira m'maso, ndi vuto la kuchipatsa dzina

Mvula yoyamba ikagwa, m'tchire ndi m'mphepete mwa minda mumatuluka chikumbu chachikulu chakuda, cha miyendo italiitali, chimene chimathamanga ngati chikupirikitsidwa. Sichiuluka, pakuti mapiko ake olimba a pamsana anamatirirana. Akatswiri a tizilombo amachiika m'banja la Carabidae, lomwe lili ndi mitundu yoposa 40,000, ndipo gulu lake linatchedwa Anthia m'chaka cha 1801. Mtundu wodziwika kwambiri kummwera kwa Africa, Anthia thoracica, umatalika pafupifupi masentimita 5 ndipo uli ndi mawanga awiri achikasu kuseri kwa mutu. Champhongo chili ndi zibwano zazitali zopindika ngati zikwakwa. Chikaputidwa chimalozetsa thako kwa mdani n'kuthira madzi a asidi, wofanana ndi amene nyerere zina zili naye. Akalowa m'diso, ululu wake ndi wosasimbika. Nchifukwa chake olankhula Chiafrikaans anachitcha oogpister, ndiko kunena chokodzera m'maso.

Pali anthu okonda chiyankhulo amene amafuna kuti dzina lililonse la Chilatini likhale ndi mnzake mmodzi wa Chichewa, ndipo pamene palibe, lipekedwe pa desiki. Cholinga n'chabwino, koma njirayo ndi yolakwika.

Chichewa chimatcha kachilombo poyang'ana zochita zake. Kafadala amafa dala akakhudzidwa. Nankafumbwe amafumbwa chimanga m'nkhokwe. Chiphaniphani chimaphanima usiku. Kwa wasayansi zitatu zonsezi ndi zikumbu, koma palibe agogo angavomere kuti chiphaniphani n'chikumbu, ndipo sakulakwa: iwo akuyankha funso loti kachilomboka kamachita chiyani, pamene wasayansi akufunsa za mtundu umene kanachokera. Kukakamiza mayankho awiriwa kuti agwirizane mzere ndi mzere kumawononga onse awiri.

Komanso Chilatinicho sichokhazikika monga ambiri amaganizira. M'chaka cha 1950 katswiri wa ku Belgium, Pierre Basilewsky, anayambitsa dzina lakuti Termophilum la zina mwa zikumbu zimenezi, ndipo mpaka lero mabuku ena amaliwerenga ngati gulu lapalokha pamene ena amati ndi nthambi chabe ya Anthia. Chikumbu chimodzimodzi chimapezeka ndi maina awiri malinga ndi buku limene munthu watsegula. Wopeka mawu a Chichewa potsata mndandanda wa chaka chino angadzapeze kuti malire amene anatsata asunthidwa.

Chimene chimasunga sayansiyi kuti isabalalike ndi mwambo umodzi: dzina lililonse limamangiriridwa ku kachilombo kenikeni, kobayidwa pa singano ndi kusungidwa m'nyumba ya zakale pamodzi ndi kapepala konena malo ndi tsiku limene kanagwidwa. Pakabuka mkangano, anthu amabwerera ku kachilomboko. Mwambo umenewu ndiwo woyenera kubwereka, osati mainawo. Mtanthauziramawu akangolemba kuti "mtundu wa chikumbu chakuda", sanathandize aliyense, popeza zikumbu zakuda zoyenda pansi n'zambirimbiri. Pali china chonenepa, choyenda mwaulesi, chimene chimagogoda pansi ndi mimba yake poitana chinzake. Ku South Africa amati toktokkie, ndipo n'cha banja lina, sichithira asidi. Mwana wosadziwa kusiyanitsa ziwirizi angatole cholakwika n'kuchiyandikiza kumaso. Nayenso mlimi woona chikumbu chilichonse ngati mdani wa mbewu amapha mlenje wake, pakuti Anthia sadya masamba, amasaka tizilombo tinzake.

Ngakhale nyama zimadziwa kufunika kwa kuzindikira. M'chipululu cha Kalahari, ana a buluzi wotchedwa Heliobolus lugubris amakhala akuda ndi mawanga oyera, ndipo amayenda atakunga msana ngati zikumbuzi, kuti adani awaope. Raymond Huey ndi Eric Pianka anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1977. Buluziyo akakula amasiya zonsezo.

Maina a m'midzi alipo, ndipo Brian Morris anasonkhanitsa ambiri a ku Malawi m'buku lake la 2004, Insects and Human Life. Koma Chichewa sichithera pa Mchinji kapena pa Dedza. Dzina la ku Chipata likhoza kusiyana ndi la ku Angónia, ndipo la ku Nsanje likhoza kuloza kachilombo kena. Ntchito yoyenera ndi yapansi: kutenga chikumbu m'botolo lotseka bwino, kapena chithunzi chooneka mawanga ndi zibwano, kuonetsa akuluakulu ndi abusa a ng'ombe, ndi kulemba dzina monga alitchulira, pamodzi ndi mudzi ndi tsiku. Kenako chithunzicho chiyerekezedwe ndi zosungidwa m'malo monga Natural History Museum ya ku Bulawayo. Ngati midzi itatu ipereka maina atatu, onse alembedwe, lililonse ndi dera lake.