Tisagule Matayala Tisanapime Zimene Zikuwadya

Alimi ambiri amene ali ndi motoka yakale, monga Hilux kapena Land Cruiser, akaona matayala akutsogolo akutha msanga amathamangira kugula ena, kenako n'kukalipira alignment m'tauni. Ife tikuona kuti kumeneku n'kutaya ndalama. Makina a alignment amathandiza kuwongola mawilo, koma sacotsa kugwedera kwa zitsulo zakutha. Ngati ball joint kapena tie rod end inatha, mawilo owongoledwa lero amapotokanso pa dzenje loyamba la msewu wa kumudzi.

Mlimi amene amazindikira njala ya cimanga poona masamba angathenso kuwerenga tayala. Coyamba pimani mpweya, pakuti tayala losapopedwa mokwanira limadyeka m'mphepete zonse ziwiri ndipo lingakusokeretseni. Kenako yendetsani dzanja mopingasa pa mapazi a tayala. Likamveka losalala popita koma lakuthwa pobwerera, mawilo awiriwo sakulunjika kumodzi. Likadyeka m'mphepete imodzi yokha, kawirikawiri wilo lapendekeka. Likakhala ndi zigamba zodyeka apa ndi apo, kayikirani mashoko.

Mukatero, imikani motoka pamalo osatsetsereka, tsekerani mawilo akumbuyo ndi miyala, kwezani kutsogolo ndi jeke, ndipo muike cipika colimba pansi pa chassis; jeke yokha siyodalirika. Gwirani wilo pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likagogoda, vuto lili pa ball joint kapena pa bearing. Mnzanu aponde buleki: kugogodako kukaleka, ndi bearing. Ligwireninso kumanja ndi kumanzere. Kugwedera kwa pamenepo kumaloza ku tie rod.

Ena amati zitsulozi n'zodula, ndipo motoka ikuyendabe. Inde, n'zodula. Koma tikumbukire nyengo yogulitsa mbewu. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, ndipo pamwamba pake pamakhala anthu, ena a iwo ana athu. Ball joint ikaduka pa liwiro, wilo limapindikira pansi pa motoka, ndipo ciwongolero sicimveranso dzanja la woyendetsa.

Cotero dongosolo lake likhale lotere: kupima, kusintha zakutha, kucita alignment, ndipo pomalizira pake matayala atsopano. Kupimaku sikufuna ndalama, kumangofuna jeke, mnzanu mmodzi ndi theka la ola. Ticite zimenezi tsopano, tisanayambe kututa zokolola.