Mphindi 42 za pa foni ndi ola la ku Mponeng

Funso lakale loti munthu atakumba dzenje mpaka kuboola dziko angakatulukire kuti, masiku ano likuyankhidwa ndi foni. Ukangoloza pamapu a pa intaneti pamene waima, amakuonetsa tsidya linalo la dziko. Kwa ife a ku Joni yankho lake ndi madzi okhaokha: tingakatulukire m'nyanja ya Pacific, kumpoto kwa zilumba za Hawaii. Anzathu a ku Botswana ndiwo angakaponde pamtunda pazilumbazo.

Zida zomwezo zimawerengeranso ulendo wake. Mtunda ndi makilomita pafupifupi 12,742, ndipo munthu wogwera m'dzenjelo akuti angafike tsidya lina m'mphindi 42. Mu 2015 Alexander Klotz anawerengeranso poganizira kuti pakati pa dziko mpolemera kuposa kunja kwake, napeza mphindi 38. Masamu ake ndi oona, ndipo mwana amene akuwaseweretsa sindimuletsa. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ana athu akuloweza nambalayo osafunsa zimene zachotsedwa kuti ituluke.

Zachotsedwa zambiri. M'dzenje la pa kompyuta mulibe mpweya wobweza munthu, mulibe kutentha, ndipo dziko silizungulira, chifukwa likanazungulira wogwayo akanamenyetseka kukhoma asanapite patali, pokhapokha dzenjelo litachokera kumpoto kwenikweni kwa dziko kukafika kummwera kwenikweni.

Tsono ife tikukhala pamalo pamene zochotsedwazo zimaoneka ndi maso. Kumadzulo kwa Johannesburg, pafupi ndi Carletonville, kuli mgodi wa golide wa Mponeng, wozama kuposa migodi yonse padziko, pafupifupi makilomita 4. Pansi pake thanthwe limatentha kufika madigiri 60, kotero kuti amatsitsirako madzi oundana kuti anthu athe kugwira ntchito. Wogwira ntchito amatenga ngati ola kuti akafike kumene akukumba. Foni yaboola dziko lonse m'mphindi 42, munthu weniweni akadali m'chikepe, asanathe n'komwe makilomita 4. Ngakhale a Soviet Union, amene anakumba ku Kola kwa zaka pafupifupi 20, pofika 1989 anali pa mamita 12,262 basi, m'dzenje loti munthu sangalowemo. Limenelo silikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a ulendo wonse.

Nzeru za pansi pa nthaka si zachilendo kwa ife. Azigogo athu anabwera kuno kudzera ku Wenela, nalowa m'migodi ya Witwatersrand zikwizikwi, mpaka Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Ambiri anabwerera kumudzi ndi fumbi m'mapapo. Iwo amadziwa mmene makutu amatsekekera chikepe chikamatsika, mmene thukuta limadzazira m'nsapato, ndi mmene thanthwe limaphulikira chifukwa cha kulemera kwa miyala ya pamwamba pake. Zimenezinso ndi fizikisi, ngakhale palibe anawalembera mayeso.

Ndiye mphunzitsi, kaya kholo, mwana akabwera ndi mphindi 42 zake, amufunse kuti mpweya waupititsa kuti, kutentha wakuika kuti. Akasowa poyankha, amutumize kwa agogo amene anagwirako kumgodi. Otsalawo ndi ochepa, ndipo ambiri adutsa zaka 70.