Musakwirire ngalande pofuna kulowetsa galimoto

Ana anga, sabata ino tikambirane za kanjira kolowetsera galimoto pakhomo. Ambiri mwamanga m'mbali mwa msewu wochoka ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, mwaika geti, kagalimoto mwagula. Ndakunyadirani. Koma pakati pa msewu ndi getilo pali ngalande, ndipo ena ndikuona mukungoikwirira ndi dothi komanso zidutswa za njerwa kuti galimoto izidutsa.

Ine ndagwira unamwino zaka zambiri, ndikudziwa komwe madzi otsekeredwawo amathera. Mvula ikagwa amachita chithaphwi pakhomo. Kunyanja kuno n'kotentha, pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri udzudzu waswana, mwana wayamba kutentha thupi. Akasefukira amalowa m'chimbudzi n'kutuluka ndi zonyansa. Kodi mwaiwala mmene kolera inativutira kuno ku Mangochi mu 2022 ndi 2023?

Dziwani kuti ngalandeyo si yanu, ndi ya msewu. Ngati ndi msewu waukulu ngati wa M10, kafunseni kaye a Roads Authority. Ngati ndi wa m'tauni, pitani ku khonsolo. Akakulolani, ikani kalavati wamkulu bwino kapena silabu ya simenti pamwamba, madzi azidutsa pansi. Chaka chilichonse mvula isanayambe, chotsanimo mchenga ndi mapepala apulasitiki.

Inu amayi, musamati imeneyi ndi nkhani ya abambo. Wogona kuchipatala ndi mwana wodwala malungo kawirikawiri amakhala inu.

Tionana Lamulungu likubwerali.